Nsapato Zoyera za Nesi

Mvula inayamba kusanache ndipo sinkaonetsa kuti ikata. Inali ya mvumbi, yongonyowetsa khoma mpaka penti kutupa. Ndinali kwa mwana wanga wamkazi, amene timamutcha Mzime, m'kachipinda kosungiramo ayironi ndi masutikesi, nditakhuthulira pansi matumba onse a nsapato. Ndinkafuna peyala imodzi: zoyera, zachikopa, zafulati, saizi sikisi. Munalibe.

Ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa intaneti. Bizinesiyi anaiyambitsa ndi malemu mkazi wanga. Iye ankalankhula ndi makasitomala, ine ndinkatsuka, kusoka, kupolisha ndi kunyamula. Atamwalira, ana anakhala pansi n'kundigawana. Dzinja ndizikhala kwa Mzime, chifukwa denga la kwathu limadontha ndipo msewu umasefukira. Nyengo yozizira ndizikhala kwa mwana wanga wamwamuna, chifukwa cha chifuwa changachi. Kukatentha ndizibwerera kwathu. Nyumbayo ankafuna aikemo anthu a lendi. Ndinakana. Pomaliza tinagwirizana kuti malinga bizinesi ikuyenda, nyumba ikhala yanga, yosungiramo katundu. Tsiku limene idzagwe, ndidzapereka makiyi.

Motero nsapato zinali m'nyumba zitatu. Sindinkalemba paliponse kuti iti ili kuti. Peyala iliyonse ndinkaijambulira pansi pa nyumba imene ikusungidwa. Kwathu ndi simenti yofiira. Kwa Mzime ndi matailosi oyera. Kwa mwana wamwamuna ndi kapeti yabulauni. Oda ikalowa, ndinkangoyang'ana chithunzi, pansipo pankandiuza kopita kapena woti ndimuimbire. Palibe amene ankadziwa zimenezi.

Mkamwini wanga, mwamuna wa Mzime, amagwira ntchito kukampani ya mafoni, ndipo tonse timamutcha aInjiniya. Ndi munthu wabwino. Tsiku lina Lamlungu anatenga foni yanga patebulo.

"Madala, zithunzi zanuzi zikuthawitsa anthu. Taonani apa, pakuoneka chala chanu chakuphazi. Apa mwendo wa mpando. Ndipatseni kanthawi."

Anachotsa zonse za kumbuyo. Nsapato iliyonse inatsala ikuyandama pamalo oyera ngati ya m'sitolo yaikulu. Zithunzi zakale anazifufuta, akuti zimadzaza foni. Ine ndinati zikomo. Ndinazindikira mawa lake, oda italowa, nditayang'ana chithunzi n'kupeza kuti sichikundiuza kanthu.

Maoda anachulukadi. Ena ndinawapeza, ena ndinachedwa nawo, ena ndinawalephera. Eni ake a msika wa pa intanetiwo anandichenjeza, kenako anandichenjezanso. Uthenga womaliza unati kasitomala mmodzi yekha akadandaulanso, tsamba litsekedwa, ndipo chiphaso changa sichidzatsegulanso lina. Oda yotsatira inali ya nsapato zoyerazi.

Mzime anaima pakhomo atavala kale za kuntchito, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ababa, mwasandutsa chipinda changa msika."

"Ndikufuna zoyera."

"Zoyera si izo? Nanga izo?"

"Saizi seveni."

"Ingotumizani zimenezo. Adziwa bwanji?"

"Phazi lidziwa."

AInjiniya anasuzumira paphewa la mkazi wake akumanga tayi.

"Koma maoda akugwa ngati mvulayi, eti Madala? Ndinakuuzani ine."

Ndinamuyang'ana. Ndinaona kuti ndikapanda kunena tsiku limenelo sindidzanenanso.

"Pansi paja panali adiresi," ndinatero.

"Pansi pati?"

"Pa zithunzi. Simenti, matailosi, kapeti. Ndi mmene ndinkadziwira nyumba."

Manja ake anaima pa tayi. Mzime anaika kapu pa bolodi ya ayironi pang'onopang'ono.

"Bambo a kuno, mwamva zimene mwachita?"

"Koma Madala, bwanji simunanene?"

"Simunafunse."

Anatenga foni, anadina apa, anadina apo, anatuluka nayo pakhonde, anabwerera thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Zithunzi zinali zitapita. Anapepesa kambirimbiri. Ndinamuuza kuti achedwa kuntchito.

Ndinaimbira mpongozi wanga, mkazi wa mwana wamwamuna uja. Iyeyo saopa kuseka ndi ine.

"Apongozi! Mwatikumbuka lero? Kapena mwakumbuka matumba anu?"

"Matumba."

"Ndinadziwa. Ali pansi pa bedi la alendo. Aliyense wogona pamenepo akumadzuka atatopa, akuti usiku wonse amalota akuyenda."

"Zoyera, zafulati, sikisi."

"Dikirani ndigwade. Mukadzamva kuti msana wanga wathyoka, mudziwe kuti ndinu."

Ndinamva matumba akukwekwerezedwa pansi, nsapato zikugwa. Anatenga nthawi.

"Zoyera zilipo, koma zazidendene zazitali ngati misomali. Wagula ndani?"

"Nesi."

"Ndiye azikavina nazo m'wodi, odwala achire ndi kuseka. Zafulati palibe, apongozi. Ndayang'ana mpaka thumba la majombo."

Zinatsala kwathu basi.

Mzime anamva zonse. Anabwerera pakhomo ambulera ili m'manja.

"Musayerekeze, Ababa. Msewu uja ndi mtsinje panopa. Chifuwa chanu mukuchidziwa."

Ndinayamba kubweza nsapato m'matumba.

"Ndikudziwa kukhala chete kwanuko. Amayi ankati mukangokhala chete ndiye kuti mwavala kale nsapato. Peyala imodzi isakupheni. Ngati tsamba litsekedwe, litsekedwe. Pano simukusowa kanthu."

"Nyumba."

"Nyumba yodontha ija? Ababa, mumakhalamo nokha, mumalankhula ndi makoma. Ndiponso makomawo ndi amene amayamba kulankhula."

Anadikira kuti ndiseke. Kenako anandiuza kuti chakudya chili mufiriji, n'kutuluka.

Foni inalira. Unali uthenga wa nesi uja. Pogula anali atalemba kuti ndi ntchito yake yoyamba, ayamba Lolemba, ndipo kuchipatalako salola nsapato za mtundu wina. Tsikuli linali Lachisanu.

"Bambo, mwatumiza kodi?"

Ndinalemba liwu limodzi, n'kulifufuta. Mkazi wanga akanayankha nthawi yomweyo. Akanamufunsa za chipatala, akanamuyamikira, akanamuseketsa mpaka kuiwala kuti akudikira. Ine sindinena kanthu chinthu ndisanachigwire m'manja. Kunena kuti zilipo ndisanazione likanakhala bodza. Kunena kuti sindikudziwa kumene zili, ndani angamukhulupirire wogulitsa wotero? Ndinati ndimuyankha ndikazipeza. Ndinakulunga foni m'pepala lapulasitiki, ndinavala jekete, ndinatuluka.

Basi inali yodzaza ndi maambulera onyowa. Mawindo anachita nthunzi. Ndinaima njira yonse, dzanja lina pachitsulo, lina pathumba mmene munali foni. Inanjenjemera tili pa mlatho. Inanjenjemeranso tikudutsa pamsika. Sindinaitulutse. Ndinkangowerengera m'mutu matumba a kwathu: la pakona, la pansi pa tebulo, awiri a m'chipinda. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinajambula zoyerazo. Ndinkaona nsapato, koma pansi pake sindinkapaona.

Dalaivala anaimitsa basi pamene phula limathera.

"Apa ndiye pomaliza. Kutsogoloku pitani ndi bwato."

Anthu anadandaula, ena anakana kutsika. Ine ndinatsika. Ndinavula nsapato zanga, ndinamanga zingwe zake pamodzi, ndinazikoleka m'khosi, ndinapinda thalauza. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, mukukawedza? Mutigawireko pobwera!"

Madzi anali ofiira ndi dothi, ozizira, ofika m'mawondo. Ankakoka. Pansi panali miyala ndi mabotolo. Ndinayenda m'mbali, ndikugwira mipanda ya anthu. Pafupi ndi chigayo ndinaponda dzenje n'kumira mpaka m'chiuno. Choyamba ndinagwira thumba la foni. Chifuwa chinayamba pomwepo. Ndinatsamira mtengo wa magetsi mpaka chinaleka, ndinapitiriza.

Loko wa pageti anachita dzimbiri. Ndinamumenya ndi mwala mpaka kiyi anazungulira. M'nyumba munkanunkha chinyezi. Mabeseni amene ndinatchera pochoka anali atadzaza n'kusefukira, madzi akuyenda pasimenti kupita kukhomo la kukhitchini. Khoma la kuchipinda linali ndi mzere wakuda kuchokera kudenga. Magetsi kunalibe.

Ndinatsegula makatani n'kuyamba ndi thumba la pakona. Linali litanyowa pansi. Nsapato zake zinachita chuku, ubweya wotuwa pachikopa chonse, zina zitamatirirana. Ndinazitulutsa imodzi imodzi. Zakuda, zabulauni, za ana, za mpira. Zoyera munalibe. La pansi pa tebulo linali chimodzimodzi. Matumba awiri a m'chipinda ndinawakhuthulira pabedi. Munalibe.

Ndinakhala pamphepete pa bedi. Madzi ankadontha m'beseni, dontho lililonse likumveka. Ndinaganiza za anthu a lendi akukhoma misomali yawo m'makoma amenewa, akupenta chitseko chimene mkazi wanga anasankha mtundu wake, akutaya mashelefu amene ndinakhoma ndekha. Ndinaganiza za kachipinda ka ayironi ndi bedi la alendo, kuti ndizingosinthana nazo mpaka tsiku langa. Ndinalankhula mokweza, ndekha.

"Mayi, zili kuti?"

Ndinadzuka n'kuyamba kufufuza malo opanda nzeru. Mu uvuni. Kuseri kwa firiji. M'bafa. Ndinakwera pampando n'kupapasa pamwamba pa wadirobu. Dzanja linagunda katoni. Pomwepo ndinakumbuka: zoyera sindiziika m'thumba limodzi ndi zakuda, polishi amazidetsa. Ndinaziika ndekha pamwambapo tsiku losamuka.

Zinali momwemo, zokulungidwa m'nyuzi. Zouma. Chuku chinangogwira pang'ono kuchidendene cha yakumanzere. Ndinapukuta ndi kansalu konyowa, ndinapaka polishi woyera, ndinadikira, ndinapukutanso. Ndinatembenuza kuyang'ana saizi. Sikisi. Ndinaziika patebulo, pamalo pouma, n'kuziyang'ana. Basi yonyamula katundu imanyamuka madzulo. Nthawi inalipo. Loweruka zikanamufika.

Tsopano ndinali ndi chonena. Ndinamasula foni m'pepala.

Mauthenga ake anali ambiri.

"Bambo, ndikuona kuti mwawerenga."

"Chonde ingondiuzani ngati zilipo kapena ayi."

"Anzanga akuti mwina ndinu akuba a pa intaneti."

"Mukapanda kuyankha pofika masana ndikadandaula."

Masana anali atadutsa. Pamwamba pa onsewo panali uthenga wa eni msika. Ndinauwerenga kawiri. Ndinadina tsamba langa. Panangotuluka mawu akuti wogulitsayu sakupezekanso.

Sindiimbira makasitomala. Tsiku limenelo ndinaimba.

"Halo?"

"Ndine wa nsapato."

"Aa! Muli moyo? Bambo inu, tsiku lonse?"

"Ndazipeza. Zili pano."

"Mwazipeza? Zinasowa?"

"Zinali kunyumba ina."

"Ndiye osangonena? Mawu awiri okha, bambo. ‘Dikirani, mwanangu.’ Ine ndikanadikira. Ndakhala ndikuyang'ana foni ngati wodwala akuyang'ana khomo la dokotala."

"Ndinalibe chonena."

"Munalibe chonena!" Anaseka, koma sikunali kuseka kwenikweni. "Ine Lolemba ndikuyamba ntchito. Mukudziwa mmene ndavutikira kuti ndiipeze? Ndimati ndikalowa m'wodi ndi masilipasi."

"Nditumiza lero."

"Ndagula kale zina. Zapulasitiki, zikundiluma, koma ndi zoyera."

Iye anamva madzi akudontha.

"Kodi muli panja?"

"M'nyumba."

"Ndiye mvula ikugwa m'nyumba?"

"Pang'ono."

Mawu ake anatsika.

"Paja patsamba panu pali chithunzi cha amayi ena. Mkulu wanga ndiye anandilozera, akuti amayi amenewo amayankha ngakhale uli pa mzere wa kubanki. Ali kuti?"

"Anamwalira."

"Ayi... Pepani, bambo. Sindimadziwa."

"Atseka tsamba."

"Chifukwa cha ine?"

"Linali chenjezo lomaliza."

"Mayo ine. Dikirani, ndichotse dandaulolo. Musadule."

Ndinadikira. Ndinamva akudina, akupuma mwamphamvu, akuuza wina kumbali kuti atseke wailesi. Ndinkayang'ana nsapato zija patebulo. Chifuwa chinabweranso, ndinachitsekera m'jekete.

"Bambo, akukana. Akuti nkhaniyi yatsekedwa. Ndilemba kalata, ndinena kuti ndinalakwitsa."

"Simunalakwitse."

"Komabe ndilemba. Mwina amva."

Tonse tinkadziwa kuti kumeneko kulibe munthu womva. Ndinamufunira zabwino pantchito. Anapepesanso. Ndinadula.

Sipanapite nthawi Mzime anaimba. AInjiniya anali ataona tsamba ali kuntchito n'kumuuza.

"Ababa, muli kuti? Musandiuze kuti muli kumene ndikuganizako."

"Ndili kwathu."

"Mwawoloka madzi aja? Ndi chifuwa chimenecho? Mukufuna ndikawauze chiyani achimwene?"

"Ndazipeza."

"Mwapeza chiyani? Tsamba latsekedwa, Ababa! Mwanyowa pachabe." Anapuma. Atayambanso ankalankhula mofatsa, ngati mmene amalankhulira ndi makasitomala ovuta kuntchito kwake. "Mvetserani. Bambo a kuno akumva chisoni kwambiri. Akuti abwera ndi galimoto mpaka pamene phula lathera. Mutenge zovala zanu ndi zithunzi za amayi. Zinazo tidzaona mvula ikatha. Mwayesetsa. Palibe amene anganene kuti simunayesetse."

"Makiyi sindipereka."

"Tinagwirizana."

"Tinati bizinesi ikagwa."

"Ndiye yatani?"

"Tsamba ndi limene latsekedwa. Nsapato zilipo."

"Mugulitsira kuti? Kwa achule?"

"Pasiteji ya basi."

"Pasiteji! Pa msinkhu wanuwo, kukhala pansi m'mphepete mwa msewu? Inu amene simutha kuitanira ngakhale mphaka? Kumeneko anthu amakuwa, Ababa. Amakuwa tsiku lonse. Inu mudzangokhala duu, anthu azidzakuponyerani ndalama poganiza kuti ndinu wopempha."

"Aziona okha."

"Ababa, chonde. Tinaika amayi. Sindikufuna kuikanso inu chifukwa cha nsapato za anthu ena."

Ndinafuna kumuuza kuti kwa iye ndimagona bwino koma ndimadzuka ndilibe chochita. Kuti kwa mchimwene wake amandipatsa mpando wabwino n'kundiiwala pomwepo. Kuti kuno ndikudziwa pamene pakudontha paliponse. Mawuwo anali ambiri, sanathe kutuluka.

"Uwauze aInjiniya asabwere," ndinatero. "Galimoto ingamire."

"Ndiye mugona mmenemo?"

"Kukhitchini n'kouma."

Mzime anati abwera mawa ndi mankhwala a chifuwa, ndipo nkhaniyi sinathe. Ndinavomera kuti sinathe.

Ndinataya madzi a m'mabeseni n'kuwatcheranso. Ndinasankha nsapato zimene chuku sichinalowe mkati, ndinazipukuta, ndinamanga peyala iliyonse ndi kachingwe. Zinadzaza thumba limodzi. Zoonongeka ndinaziunjika pakhonde. Mvula inali itachepa koma sinakate, ndipo anthu anali atatsala pang'ono kuweruka.

Ndinachotsa katani ya pulasitiki ya m'bafa kuti ndikayale pansi. Ndinasenza thumba, ndinakhoma chitseko, makiyi ndinaika m'thumba la mkati, ndinalowanso m'madzi kupita kusiteji.